Mawu okumbukira namwino wa ku Philippines amene anathandiza banja lathu

Nabanda, Santhe

Abale, ndikupempha nzeru. Mng'ono wanga ndi namwino ku Manchester, ndipo pochoka mu 2003 anandisiyira ana ake awiri. Amene anamulandira pa ntchito, namupezera pogona ndi kumuzoloweretsa moyo wa m'dziko lozizira lija, anali mayi ena a ku Philippines, namwino mnzake, amene nawonso anali atasiya ana atatu kwa agogo awo ku Iloilo, dera la ku Philippines komweko. Mayiwa atisiya mwezi watha. Sindinaonanepo nawo maso ndi maso, koma chaka chilichonse akamalongedza katoni yopita kwawo ankapatulako nsapato ndi makope a ana a kuno. Tsopano ana awo apempha kuti ndilembe mawu oti akawerengedwe pa tsiku la 40. Kodi tsikuli ndi lotani, nanga mbiri ya malemu monga timaiwerengera kuno ingayenere kumeneko?

Abambo Phiri, Kapiri

Pepani kwambiri, Anabanda. Anthu ambiri a ku Philippines ndi Akatolika, pakuti dzikolo linalamulidwa ndi Spain zaka zoposa 300. Pa maliro amapemphera novena ya masiku 9, imene amaitcha pasiyam, ndipo pa tsiku la 40 amachititsa Misa ndi kudyera limodzi, poti ambiri amakhulupirira kuti mzimu umakhala ukadali pafupi ndi abale kufikira tsikulo, monga Ambuye anakhalira ndi ophunzira awo masiku 40 asanakwere kumwamba. Chaka chikatha amavula zovala zamaliro pa mwambo wotchedwa babang luksa. Chipepeso nawonso amachidziwa, amati abuloy, choncho kangachepe kodzera mwa mng'ono wanu sikangawadabwitse. Koma za kumene anabadwira, sukulu zimene anaphunzira ndi chiwerengero cha zidzukulu zisiyireni eni ake. Inu lembani za nsapato zija.

Nangozo, Kasungu boma

Ine ndine namwino wopuma, ndipo ndikugwirizana ndi Abambo Phiri, koma pali china choti chisasowe. Ulendo wa mayiwa sunayambe ndi iwo. America italanda Philippines mu 1898, masukulu a unamwino kumeneko anayamba kuphunzitsa m'Chingerezi potsata njira za ku America, ndipo lamulo la anthu olowa m'dziko la America litasintha mu 1965, anamwino anayamba kuchoka mwaunyinji, kenaka n'kufikanso ku Saudi Arabia ndi ku Britain. Ifenso tinaziona anzathu atakhamukira ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mpaka boma linawonjezera malipiro athu ndi 52 peresenti mu 2005 pofuna kuti otsalafe tisachoke. Ine ndinatsala, ndipo ndivomere kuti nthawi ina ndinkawakwiyira opitawo ndikakhala ndekha usiku m'wodi yodzaza. Ndinasiya mkwiyowo nditaona mnzanga atabwera ku tchuthi, mwana wake wamng'ono n'kumuthawa kukabisala kumbuyo kwa agogo. Choncho musangolemba kuti malemuwa anali achifundo. Lembani kuti anadziwa ululu wa mng'ono wanu chifukwa unali wawonso, ndipo posankha nsapato za ana a ku Santhe ankaganiza za mapazi a ana awo amene sankawaona akukula.

Chisomo, Mkanda

Amayi Nangozo, mundikhululukire, koma ndiyankhulepo monga mwana amene analeredwa ndi azakhali mayi ali kunja. Mawu onena za ululu wa mayi akachuluka, ana amamva ngati akuimbidwa mlandu wakuti iwo ndiwo anachititsa mayi awo kuvutika, pomwe nawonso ali ndi mabala awo amene sanawaulule. Chimene ine ndingafune kumva pa tsiku lotere ndi chinthu chimene sindinkachidziwa chokhudza mayi anga. N'kutheka kuti anawo sadziwa kuti m'katoni mwawo munkachotsedwa kanthu ka ana a ku Malawi.

Nabanda, Santhe

Zikomo nonse. Ndamufunsa mng'ono wanga usiku wathawu, ndipo wati zoonadi anawo sadziwa. Mtsikana amene anavala nsapato zoyamba zija tsopano ndi mphunzitsi, ndipo wavomera kulemba ndime yomaliza ndi dzanja lake. Abambo Phiri, kodi ndi kololedwa kuti nafenso tipereke Misa ku parishi yathu tsiku lomwelo, ngakhale malemuwa sanali a mphakati wathu?