Galimoto sizinagundane koma yanga yawonongeka, alipire ndani?

Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka lapitali dalaivala wina anatulukira m'kanjira ka m'mbali osaima n'komwe, n'kungolowa kutsogolo kwanga pamsewu waukulu. Pomupewa ndinakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi mpaka kukagwera m'ngalande. Bampala yasweka, nyali yakumanzere yaphwanyika, ndipo makaniko akuti radiyeta nayonso yabooka. Galimoto yake sinakhudzidwe ngakhale pang'ono. Anangochepetsa liwiro, kusuzumira, basi n'kumapita, mtima wake ameneyo!

Nambala ya galimotoyo ndili nayo, anandilembera bambo wina amene anaona zonse ndipo avomera kukhala mboni. Kupolisi ndinakanena tsiku lomwelo.

Vuto ndi loti inshulansi yanga ndi ya third party, imalipira zimene ndawonongera ena, osati galimoto yanga. Ndiye kodi kampani ya inshulansi ya mnzathuyo ingavomere kundilipira chonsecho sitinagundane? Mboni imodzi ndi lipoti la apolisi n'zokwanira, kapena adzafuna kanema? Nanga ndikonzetseretu n'kusunga malisiti, kapena ndidikire adzaione kaye mmene ilili? Inu amene zinakuchitikiranipo, munayamba mwalembera kalata mwini galimoto kapena munangopita kukhoti?