Torrent yatsekedwa pa WiFi ya pasukulu: fayilo ya 6 GB tiipeze bwanji?

wa_ku_Chikanda

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa WiFi ya pasukulu pathu kuno ku Zomba, qBittorrent, pulogalamu yotsitsira ma torrent, sikuyenda. Torrent ikutseguka ndithu, koma yangoima, ma peer (makompyuta ena omwe ndingatengeko fayilo) ali pa 0 ndipo DHT (njira yopezera ma peer) nayo ili pa 0. Masamba ena onse akutseguka bwinobwino. Ndikufuna Ubuntu 24.04 (mtundu wa Linux), yomwe ndi pafupifupi 6 GB, komanso Wikipedia ya Kiwix yowerenga popanda intaneti. Si ine ndekha, kalasi yonse ya anthu 40 ikuzifuna. Bandulo ya Airtel kapena TNM yokwanira zimenezi ndalama yake ndilibe. Kodi vuto lili pa laputopu yanga kapena atseka dala? Ena akuti ndisinthe port, ena akuti ndiike VPN, pulogalamu yobisa zomwe ukuchita pa netiweki.

Matawale_ICT

Achimwene, laputopu yanu ilibe mlandu. Kuti mutsimikize, ilumikizeni ku hotspot ya foni kwa mphindi imodzi yokha. Mukaona DHT ikukwera ndipo ma peer akubwera, ndiye kuti ndi firewall ya pasukulu, mlonda wa netiweki amene amasankha zoti zidutse. Muzimitse msanga bandulo isanathe.

Zosintha port musavutike nazo. Kale BitTorrent inkadutsa pa ma port 6881 mpaka 6889, ndipo amene ankangotseka amenewo ankazembedwa mosavuta. Masiku ano firewall imayang'ana mkati mwa mapaketi. Makompyuta awiri akamapatsana moni pa BitTorrent, paketi yoyamba imanyamula mawu akuti "BitTorrent protocol" poyera, choncho imadziwika pa port iliyonse. Kuyatsa encryption kumabisa moniwo, koma sikubisa kulankhula kwanu ndi tracker (seva yomwe imakuuzani komwe kuli ma peer), ndipo sikutsegula UDP, imodzi mwa njira zotumizira deta. DHT imayenda pa UDP, nchifukwa chake yanu ili pa 0. Netiweki zambiri za pasukulu zimangolola 80, 443 ndi ena ochepa kutuluka, zina zonse nkukanidwa. Chinanso, muli kuseri kwa NAT (nonse mumatulukira pa adiresi ya sukulu), ndiye palibe peer wa kunja amene angayambe kukufikirani.

Satsekera nkhanza ayi. Tsamba la intaneti limatsegula malumikizano ochepa nkuwatseka, pomwe torrent imodzi imagwira malumikizano mazanamazana nthawi imodzi. Rauta imasunga mzere wa lumikizano lililonse pa tebulo lake, ndipo tebulolo likadzaza, mnzanu amene akutumiza asayinimenti ku laibulale nayenso amaima. Torrent imatumizanso zomwe yalandira kwa anthu a kunja, ndipo njira yotuluka ikadzaza, ngakhale kutsitsa kumachedwa chifukwa mayankho ang'onoang'ono a TCP amasowa podutsa. Chachitatu ndi lamulo. Tonse timatulukira pa IP ya sukulu, ndiye wina akatsitsa filimu yakuba, dandaulo limafikira sukuluyo. Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright la 2016. Firewall siingasiyanitse Ubuntu ndi filimu yakuba, imangotseka zonse.

Mlongo_wa_Sadzi

Zonse mwatchulazi sizifuna torrent. Ubuntu ili pa releases.ubuntu.com ndipo za Kiwix zili pa download.kiwix.org, zonse pa HTTPS, njira yomwe ndi yotsegula kale. Chomwe anthu amakondera torrent nchakuti ikaduka imapitiriza pomwe inalekezera, ndipo imafufuza yokha ngati fayilo ili bwino. Ziwirizi mungazichite nokha.

Musatsitse ndi browser. Magetsi akathima kapena WiFi ikakutulutsani, nthawi zambiri imayambiranso pa ziro. Gwiritsani ntchito ichi:

wget -c ulalo_wa_fayilo

Chilembo -c ndicho chimauza wget kupitiriza. Pa Windows 10 ndi 11 curl ilimo kale:

curl -L -C - -O ulalo_wa_fayilo

Palinso aria2c, yomwe imadula fayilo m'zigawo: aria2c -c -x 4 ulalo_wa_fayilo. Musapitirire 4. Ngati sukulu inaika malire a liwiro pa akaunti iliyonse, kuwonjezera malumikizano sikukupatsani kanthu, kumangosautsa anzanu.

Werengerani nthawi musanayambe. 6 GB pa liwiro la 2 Mbps ndi pafupifupi maola 7, pa 10 Mbps ndi ola limodzi ndi mphindi 20. Yambani usiku kapena m'mamawa anthu asanadzaze, laputopu ili pa chaja, ndipo muiletse kugona, chifukwa ikagona WiFi imaduka.

Vuto limodzi lomwe limapusitsa ambiri ndi ili: nthawi ya akaunti yanu ikatha, tsamba lolowera pa WiFi limabwerera, ndipo wget ikhoza kusunga tsambalo m'malo mwa fayilo. Mukaona ISO (fayilo ya Ubuntu ija) ya makilobaiti ochepa, ndi chimenecho. Ndiye pomaliza fufuzani SHA256, nambala yotsimikizira kuti fayilo yatsika bwino. Pa Linux lembani sha256sum ndi dzina la fayilo, pa Windows certutil -hashfile dzina_la_fayilo SHA256, kenako yerekezani ndi zomwe zili mu fayilo ya SHA256SUMS pa tsamba lomwelo la Ubuntu. Zikasiyana musataye fayiloyo. Ubuntu imaika fayilo ya .zsync pambali pa ISO, ndipo zsync -i fayilo_yoonongeka ulalo_wa_zsync imangotsitsa zigawo zolakwika zokha.

Pa Kiwix chenjerani ndi kukula. Wikipedia yachingerezi yonse yokhala ndi zithunzi, yolembedwa "maxi", imaposa 100 GB. Imeneyo pa WiFi ya pasukulu musaiyese. Sankhani ya phunziro lanu, monga ya zamankhwala, masamu kapena chemistry.

Chinamwali_Net

Mfundo yaikulu mwainena nokha achimwene: muli anthu 40. Aliyense akatsitsa yekha, ndi 240 GB pa fayilo imodzimodziyo. Atsitse mmodzi, afufuze SHA256, ena atengere kwa iye.

Chosavuta ndi flash, koma yang'anani mmene inakonzedwera. Ya FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB, imakuuzani kuti fayilo yakula ngakhale malo alipo ambiri. Ikonzeni kukhala exFAT kapena NTFS, mutachotsamo kaye zanu chifukwa zonse zimafufutika. Flash yoyenda m'makompyuta ambiri imatolanso mavairasi, makamaka aja amabisa mafoda nkusiya ma shortcut, choncho aliyense wolandira afufuzenso SHA256.

Chachangu kwambiri ndi kebulo ya Ethernet pakati pa malaputopu awiri. Kebulo wamba ya Cat5e ndi yokwanira, makadi a masiku ano amadzisinthira okha, simufunika ija yopingasa. Woyamba aike IP 192.168.50.1, wachiwiri 192.168.50.2, onse mask 255.255.255.0, gateway osalemba. Mwini fayilo alowe mu foda yomwe muli ISO nkulemba:

python3 -m http.server 8000

Winayo atsegule http://192.168.50.1:8000 pa browser. Ngati onse ali ndi port ya gigabit, 6 GB imadutsa m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ngati ndi ya 100 Mbps ndi pafupifupi mphindi 10. Zikakanika, kawirikawiri ndi Windows Firewall yomwe yatenga kebuloyo ngati netiweki ya pagulu nkukana port 8000. Ilolezeni Python ikakufunsani. Lamulo la python3 lija limaonetsa zonse zili mu fodayo, ndiye pangani foda yapadera, ndipo mukatha dinani Ctrl+C.

LocalSend ndi yabwino pa mafoni ndi malaputopu, ndipo siifuna intaneti. Koma pa WiFi ya pasukulu mwina zipangizo sizionana. Kumeneko ndi client isolation: access point imaletsa olumikizidwa kulankhulana okhaokha. Yatsani hotspot pa foni imodzi, data itazimitsidwa, nonse mulowe pamenepo. Za Kiwix simufunikanso kukopera aliyense, kiwix-serve --port=8080 dzina.zim (.zim ndi fayilo ya Kiwix) imalola onse pa hotspot kuwerenga kuchokera pa laputopu imodzi.

Chimodzi chokha ndikupempheni: musalumikize rauta yanu ku soketi ya netiweki ya kukhoma mu labu kapena ku hostel. Ikalumikizidwa pa port ya LAN imayamba kugawa ma IP ake, ndipo nyumba yonse imataya intaneti.

wa_ku_Chikanda

Zikomo kwambiri nonse. Za wget ndi kebulo ndazimva. Nanga VPN ija? Komanso pali deta ina ya kafukufuku yomwe eni ake anaiika pa torrent pokha.

Matawale_ICT

VPN sindikukulangizani. Werengani kaye malamulo omwe munavomera polandira akaunti, chifukwa masukulu ambiri amaletsa kuzemba firewall, ndipo akaunti ili m'dzina lanu. Musaganize kuti sizioneka: zomwe zili mkati sadziwa, koma akaunti imodzi yokoka magigabaiti ambiri kupita ku IP imodzi usiku wonse imaonekera pa graph. Ma VPN aulere ambiri amakana torrent kapena amaika malire a data, ndipo WireGuard, poti imayenda pa UDP pokha, ikhoza kuima pakhoma lomwelo.

Pa deta ya kafukufukuyo, yambani mwaona ngati torrent yake ili ndi web seed, ulalo wamba wa pa intaneti wa fayilo yomweyo. Mu qBittorrent dinani torrent, mutsegule gawo la HTTP Sources. Mukapeza ulalo, upatseni wget. Ma torrent a Internet Archive amakhala nawo.

Ngati mulibe, lemberani a ICT kudzera kwa alekichala a kosiyo. Mulembe dzina la deta, kukula kwake, ulalo, chilolezo chomwe eni ake anaika, kosi yake ndi chiwerengero cha ophunzira. Musapemphe kuti atsegule torrent kwa onse, pemphani kuti aitsitse okha kamodzi usiku pa kompyuta yawo nkuiika pa seva ya mkati. Pempho lotere nlosavuta kulivomera chifukwa likuwapulumutsira bandwidth.

Pakadali pano tsekani qBittorrent kwathunthu. Kudina X kumangoibisa pafupi ndi wotchi, ikupitirizabe kugogoda pa firewall ndi dzina lanu. Gwiritsani File kenako Exit, ndipo mu Options muchotse chizindikiro choti iziyamba yokha Windows ikayaka.