Mark X yothyoka ma sitadi pa Kamwendo

Mwale, Kamwendo: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Pagalaji pano pali Toyota Mark X, mwini wake amaibwereketsa pa maukwati. Mwezi watha anaitanitsa ma rimu a mainchesi 18 pa intaneti, anabwera limodzi ndi ma spacer (timbale toika kumbuyo kwa rimu kuti tayala litulukire kunja) komanso ma nati ofiira opepuka a aluminiyamu aja, anakamangitsa ku Lilongwe. Akuti akangofika liwiro la 80 mumsewu wa M12 chiwongolero chikumanjenjemera. Balansi wapangitsa kawiri, palibe chasintha. Ndamasula tayala lakutsogolo kumanzere, ma sitadi (mabawuti omangirapo tayala) awiri mwa asanu ndi othyoka, atatu otsalawo nati ikumasuka ndi zala. Iye akuti ndingosintha awiriwo, Loweruka ali ndi ukwati ku Kapiri. Ine mtima ukukana. Chikuwathyola n'chiyani?

Banda, pa Boma la Mchinji: Tadzuka mphwanga. Galimotoyo isachoke pa jeke. Spacer yake ndi yongolowetsa kapena ili ndi ma sitadi akeake? Ndi yochindikala bwanji? Ndiye upite pa tayala lomwe sunamasule, umasule nati imodzi uku ukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka kutuluka.

Mwale, Kamwendo: Yongolowetsa madala, ya flati, 10 mm. Nati yazungulira katatu ndi pang'ono, yatuluka.

Banda, pa Boma: Vuto loyamba ndi limenelo. Sitadi ya Toyota ndi M12 x 1.5, kutanthauza kuti nati ikazungulira kamodzi yalowa 1.5 mm. Kuti igwire bwino ikuyenera kulowa mosachepera kunenepa kwa sitadiyo, 12 mm, komwe ndi kuzungulira ka 8. Iwe wapeza katatu, ndiye kuti tayala lonselo likugwiridwa ndi mazinga osafika ndi 5 mm yomwe. Spacer ya 10 mm yadya pafupifupi ka 7. Mazinga ochepa chonchi sasunga mphamvu, nati imafooka, rimu imayamba kusewera pa habu (chitsulo chomwe tayala limamangidwapo), ndipo sitadi yomwe ntchito yake ndi kukoka basi imayamba kupindidwa uku ndi uku pa bampu iliyonse. Tayang'ana pothyokapo. Ngati mbali ina ndi yosalala yadzimbiri, ina yoyera yokhakhala, ndiye kuti inayamba kalekale kung'aluka, dzulo yangomaliza.

Mwale, Kamwendo: Ndi momwemo ndithu, theka ndi lakuda.

Phiri, Kapiri: Achimwene musavutike. Ikani ma sitadi atsopano, pakani guluu wa mazinga uja, mumange ndi sipanala yotalikitsa ndi paipi mpaka ilire. Ife ma Sienta timatero daily ndipo amayenda. Kasitomala mukamuchedwetsa apita kwa wina, ndalama ipite.

Banda, pa Boma: A Phiri, paipi ija ndi imene ikutithyolera ma sitadi m'boma muno. Magalimoto ang'onoang'ono a Toyota buku limati mphamvu yomangira nati ndi 103 Nm. Munthu wamkulu akaponda paipi ya mita imodzi amapyola pamenepo kangapo, sitadi imatamuka, ndipo ikatamuka siibwereranso. Pa mazinga atatu ndi nati ya aluminiyamu, paipi ingosenda mazingawo. Guluu amaletsa nati kuzungulira, koma satalikitsa sitadi.

Nankhoma, Mkanda: Ndilowepo pa nkhani yonjenjemerayo, poti ya mazinga a Banda amaliza. A Mwale, tengani vernier muyeze bowo lapakati pa rimu. Habu ya Mark X ili ndi kamlomo ka 60.1 mm, ndipo rimu yoyambirira imakhala ndendende pamenepo. Ma rimu ogula paderawa ambiri amawaboola 73.1 kuti alowe pa magalimoto osiyanasiyana, ndiye pamafunika ringi yodzaza mpatawo. Ogulitsa otchipa satumiza ringi, ndipo sakuuzani n'komwe. Kuwonjezera apo spacer ya flati yakwirira kamlomo kaja, ndiye olo ringi ikanakhalapo ikanasowa pogwira. Tayala likukhala pomwe ma nati alikokera. Pa makina a balansi amaligwira ndi koni pabowo lapakati, limazungulira bwinobwino, makina n'kulemba ziro. Likabwerera pagalimoto lakhalanso pambali. Apangitse balansi kakhumi, adzangotaya ndalama.

Mwale, Kamwendo: Ndayeza, ndi 73 ndi kakang'ono. Ringi mulibe. Zikomo achemwali, izi sindikanaziganiza.

Nankhoma, Mkanda: Chinanso, musatenge ma nati oyambirira a Toyota n'kumangira ma rimu amenewa poganiza kuti mwakonza. A Toyota aja ndi a flati okhala ndi washa, pomwe ma rimu ogula paderawa ambiri mabowo ake ndi a koni ya madigiri 60. Mukasakaniza, nati imangokhudza m'mphepete. Mukamagula achitsulo a koni muonetsetse kuti ndi 1.5, chifukwa a Nissan ndi Subaru ndi 1.25. Amayamba kulowa ngati ali bwino kenaka n'kulimba, munthu n'kumaganiza kuti wamanga pomwe waononga mazinga.

Phiri, Kapiri: Koma anthu a mpikisano kunja amagwiritsa ntchito ma nati a aluminiyamu omwewo. Ndiye onse ndi olakwa?

Nankhoma, Mkanda: Abwino alipo achimwene, sindikukana. Koma awo amadziwika fakitale yake, ndipo eni ake amamanga ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) n'kumawasintha pafupipafupi. Awa abwera m'kapepala kopanda dzina. Inu ndi ine tilibe choyezera kuti ndi aluminiyamu wanji. Galimoto yonyamula akwati pa msewu wa Kapiri ine sindingaiyesere zimenezo.

Banda, pa Boma: Mwale, usanaganize zogula chilichonse, yeza rimu yomwe inali pothyokapo. Itsuke bwino kumbuyo, upake parafini mozungulira mabowo ndi pomwe masipoko akumana ndi pakati, udikire pang'ono, upukute mpaka iume, kenaka uwaze choko chopera. Pomwe pali mng'alu parafini amatuluka n'kujambula mzere m'chokomo. Uonenso ngati mabowo akadali ozungulira. Kumbuyo komweko ufufuze zolemba: kulemera komwe rimuyo ingasenze, nambala ya ET (yosonyeza momwe rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja), ndi zidindo za JWL kapena VIA zomwe ndi za ku Japan, zotsimikiza kulimba kwa rimu. Zidindozo anthu achinyengo amakoperanso, ndiye zikakhalapo usagone nazo tulo. Koma rimu yosalembedwa ngakhale kulemera komwe ingasenze, ine pagalaji panga sindiimanga.

Mwale, Kamwendo: Ndapanga. Mabowo awiri atalika ngati dzira. Choko chaonetsa mzere kuchokera pabowo limodzi kulowera ku sipoko, wautali ngati chala chaching'ono. Kumbuyo kwangolembedwa 18x8, china palibe.

Phiri, Kapiri: Pa Chipata pali owotcherera aluminiyamu, mukadutsa pa Mwami m'mawa madzulo mwabwera nayo.

Banda, pa Boma: Pamenepo ayi. Mlomo wakunja utapindika pang'ono titha kukambirana. Koma pabowo la nati ndi pa sipoko ndi pomwe pamadutsa kulemera konse kwa galimoto, ndipo moto wa welding umafewetsa aluminiyamu wozungulira chilondacho. Idzaoneka bwino, apentenso, kenaka idzathyoke pambali pa chowotchereracho akugunda dzenje. Rimu imeneyo yatha. Zinazo zitatu uziyezenso chimodzimodzi.

Mwale, Kamwendo: Ndamva. Ndayesanso kulowetsa rimu yabwinoyo popanda spacer, masipoko akukhudza kalipa ya buleki (chitsulo chogwira mapadi a buleki). Ndiye spacer anaiika kuti rimu ilowe, osati zokongoletsa chabe.

Nankhoma, Mkanda: Ndiye kuti ma rimuwo si a galimoto imeneyo. Anangoona kuti 5x114.3, kutanthauza mabowo asanu a nati ndi kutalikirana kwake, ikufanana n'kugula. Ndipo wina asakuuzeni zopala kalipa ndi galayinda kuti ikwane, ndinazionapo zimenezo pa Altezza ina, ndinachita mantha. Ma rimu oyambirira alipo?

Mwale, Kamwendo: Akuti ali kunyumba ndi ma nati ake omwe, matayala akadali ndi mapanga. Koma wakwiya. Akuti ndalama zambiri zinalowa pamenepo, dola ikusowa, ndipo makasitomala ake amakonda galimotoyo chifukwa cha ma rimuwo.

Banda, pa Boma: Kukwiya akwiye, ndalamayo ikupweteka ndithu, ndipo ndi kusowa kwa dola komweku kukupangitsa anthu kuthamangira zotchipa. Usakangane naye pafoni. Muitane abwere, umupatse sitadi yothyokayo m'manja, umuonetse mzere wa choko, amasule yekha nati aone kuti ikutuluka pa katatu. Anthu ambiri akagwira okha amasiya makani. Ntchito yoti uchite Loweruka lisanafike ikhale iyi: ma spacer onse atuluke, ma sitadi onse asanu a habu imeneyo asinthidwe chifukwa atatu otsalawo asenza katundu wa anzawo, ma habu enawo uwaone mazinga amodziamodzi, beringi ya mbali imeneyo uigwedeze, ubwezeretse ma rimu oyambirira ndi ma nati ake. Ma sitadi ugule olembedwa 10.9 pamutu (nambala ya kulimba kwa chitsulo) kwa wogulitsa amene ungakamupezenso mawa. Akakana zonsezi, umulembere m'buku la galaji zomwe wapeza, asayine, ndipo iwe usamange ma rimuwo ndi manja ako.

Phiri, Kapiri: Chabwino madala, pa rimu yong'alukayo ndagonja. Koma akadzafunabe a 18 mtsogolo muno timuuza chiyani? Anyamata a masiku ano sasiya zimenezi.

Nankhoma, Mkanda: Asasiye, angobwera tisanagule. Tiyeze bowo lapakati, ET ndi mpata wa kalipa, tiitanitse ringi ya 73.1 kupita ku 60.1 ndi ma nati achitsulo a koni. Ma rimu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, tikawayeza ndi choko n'kupezeka abwino, ine ndimawakhulupirira kuposa atsopano opanda dzina. Komanso auzidwe kuti tayala lopyapyala la pa 18 limapatsira rimu nkhonya yonse ya dzenje.

Mwale, Kamwendo: Wabwera, waona, wakhala chete kanthawi, kenaka watuma mnyamata wa kabaza kukatenga ma rimu akale. Ma sitadi ndikatenga ku Lilongwe mawa m'mamawa. Vuto torque wrench ndilibe.

Banda, pa Boma: Yanga ndiipereka kwa kondakitala wa minibasi yoyamba, ukaidikire pa siteji. Umange modumphitsa ngati nyenyezi, pouma, osapaka girizi, kumalizitsa galimoto ili pansi. Umuuze kuti akayenda makilomita 50 abwerenso uyezenso. Ukamaliza uibweze pa nambala yotsikitsitsa usanaiike m'bokosi, ndikuifuna Lolemba.