Tataya sitatunga wachiwiri m'gumbwa wa ku Bangweulu

A Daka: Akuluakulu anzanga, ndikulemba mtima ukuwawa. Ndatsata mapazi a nyama m'chigwa cha Luangwa zaka 14 ndipo njati yovulala sindinaisiyepo m'tchire, koma chaka chino kampani yathu yosakitsa nyama yanditumiza ku Bangweulu, mbali ya Chiundaponde, ndipo m'milungu itatu yokha tataya asitatunga awiri, nyama za nyanga zokhala m'madambo. Dzulo kasitomala anawombera ali pansanja dzuwa likulowa, pa mtunda wa mamita 180, ndi mfuti ya .300 Win Mag. Tonse tinamva chipolopolo chikugunda mnofu, nyama inagwada, inadzuka, inalumpha kawiri n'kulowa m'gumbwa. Pofika pamalopo kunali kutada, ndipo chimene tinapeza ndi ubweya ukuyandama pamadzi ndi kadontho ka magazi pa phesi limodzi lofika m'bondo langa. Lero tafufuza kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka masana, madzi olekeza m'chiuno, misundu miyendo yonse, koma osapeza kanthu. Sikauti, mlonda wa nyama zakutchire, walemba kale kuti nyama yavulazidwa, choncho yachoka pa kota (chiwerengero cha nyama zololedwa kuphedwa), kasitomala alipira, ndipo PH, mlenje wamkulu wotsogolera kasitomala, akundiyang'ana ngati ndine ndinawombera. Kodi mumatsata bwanji nyama pamalo opanda dothi losunga phazi? Kasitomala wina afika Lachisanu.

A Mbewe: Mwana wanga Daka, vuto lanu ndi mfuti. Nyama ya m'madzi imafunika igwe pomwe yaima, chifukwa ikangoyenda mamita 20 ndiye kuti mwaipereka kwa ng'ona. Ine m'masiku a ZAWA, bungwe lakale loyang'anira nyama zakutchire, sindinkalola kasitomala kukwera nsanja ndi mfuti yochepera .375, ndipo aziwombera paphewa penipeni kuti fupa lithyoke, osati kumbuyo kwa phewa monga amachitira ndi nswala pamtunda.

A Sakala: Madala, za phewa ndikugwirizana nanu, koma sitatunga wamphongo amangopitirira pang'ono makilogalamu 100, ndipo .300 imamukwanira ndithu. A Daka, funso langa ndi ili: pamene mfuti inalira, ndani anatsala pansanja? Ndikuona ngati munatsika nonse, ndipo ngati ndi choncho nyamayo munaitaya pomwepo. Munthu ukakhala m'mwamba umaona bwino pamene nsonga za gumbwa zinagwedezeka komaliza, koma ukangotsika, gumbwa amakupitirira kutalika ndipo mbali zonse zimafanana, moti munthu umalumbira kuti ukuyenda molunjika pamene ukuzungulira.

Ife timasiya munthu mmodzi pansanja, maso ake asachoke pamalopo ngakhale anthu akusangalala bwanji. Amatenga kampasi n'kulemba madigiri a pomwe nyama inaima ndi a pomwe gumbwa anasiyira kugwedezeka, komanso mtunda umene rangefinder, kachipangizo koyezera mtunda, yasonyeza. Olowa m'dambo amanyamula nsungwi yaitali yomangirira nsalu yoyera kunsonga, ndipo wapansanja amaiona nsaluyo pamwamba pa gumbwa n'kumawalondolera pa wailesi ya m'manja kuti apite kumanja kapena kumanzere. Mukafika, zikani nsungwiyo pomwepo, ndipo musafune magazi pamadzi. Yang'anani mapesi, makamaka mbali ya kunsi kwa amene akhotera kutsogolo, chifukwa nyama ikamadutsa imawapinda n'kuwapaka magazi, kenako ena amadzukanso. Tinjira take ndi tambirimbiri ndipo timaoneka ngati mapanga, koma kamene yadutsamo posachedwa madzi ake amakhala ovunduka. Pomaliza, zolazolani ndi mtengo pansi pa udzu woyandama. Sitatunga akaopsedwa amamira n'kusiya mphuno yokha pamwamba, ndipo akafa ali choncho mukhoza kumudutsa pafupi kwambiri osamuona.

A Daka: Zoona, a Sakala, tinatsika tonse, ngakhale sikauti. GPS ndinali nayo, koma ndinalembamo nsanja yokha. Anyamata a pa kampu akuti titenthe chigawo chimenecho kuti tione bwino, popeza pamwamba pake pauma.

Mayi Tembo: Achimwene, za motozo zisiyeni msanga, ndipo anyamatawo muwauze lero lomwe. Ndagwira ntchito ya usikauti m'dera limenelo, ndipo moto wa m'dambo suzimitsika pomwe inu mukufuna. Nyengo ya chilimwe ino ndi imene mbalame zotchedwa shoebill zimakhala ndi anapiye m'zisa zake za pa udzu woyandama, ndipo oyang'anira Bangweulu Wetlands amalemba ntchito asodzi a komweko kuti azilondera zisazo. Kuyambira 2008 dambolo likuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma komanso ma Community Resource Board (makomiti a anthu a m'midzi oyang'anira zachilengedwe) a m'madera a mafumu asanu ndi limodzi, choncho mukatentha mudzayankha kwa DNPW, dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire, ndi kwa eni nthaka omwe. Nyanga ziwiri sizingalipire mlandu umenewo.

Chinanso, musapemphe sikauti kuti afafanize zimene walemba. Magazi anaoneka, nyama yawerengedwa, nkhani yatha.

A Mbewe: Mayi anena bwino za moto. Koma makampasi ndi nsungwi zonsezi zikufunika chifukwa nyama inayenda, ndipo inayenda chifukwa chipolopolo chinali chopepuka. Ndi .375 ya chipolopolo cholemera magreni 300 bwenzi mukusenda chikopa usiku womwewo.

A Zulu: A Mbewe, ine ndinaonapo sitatunga atawomberedwa ndi .375 m'mimba n'kupita osapezekanso, chifukwa pa mamita 200, pansanja yogwedera, kasitomala amene amaopa kukankha kwa mfuti amatsinzina asanakhethemule. Koma chimene ndikufuna kuchenjeza ndi kulowa m'dambo usiku kumene a Daka anachita. Chaka china, mwezi wa July, tinatsata wovulala ndi matochi, ine patsogolo. Udzu umene tinkapondawo unali woyandama, wolimba ngati mphasa, ndipo unkatitimira pang'onopang'ono mpaka pamalo ena unangobooka, ine n'kulowa mpaka m'khwapa, mapazi osagunda pansi. Chimene chinandipulumutsa ndi mtengo wokankhira bwato umene ndinali nditaugwira chopingasa. Msodzi amene tinali naye, m'Bisa wachikulire, anandikoka osalankhula, kenako anandionetsa ndi tochi kuti ndinagwera m'mphepete mwa ngalande ya mvuu, ndipo mvuuzo tinkazimva zikupuma pafupi. Kuzizira kwa usiku umenewo sindidzakuiwala, zala zinakanika ngakhale kumasula zingwe za nsapato.

Sitatunga amayenda pamenepo chifukwa ziboda zake n'zazitali ndipo zimatambasuka, pamene munthu kulemera kwake konse kumagwera pachidendene. Kuyambira tsiku limenelo sindilowa popanda asodzi awiri a komweko, chingwe m'chiuno, ndi bwato pafupi. Ife a ku Luangwa timadziwa dothi, koma madzi aja ali ndi eni ake, amene nyamayi amaitcha nsobe ndipo amadziwa kumene imathawira ikavulala. Aloleni atsogole, a Daka, sizichotsa ulemu wanu.

A Lungu: Ndilankhuleko monga wosenda zikopa. Ena amati dikirani masiku awiri mtembo udzafufuma n'kuyandama, ndipo nthawi zina zimachitikadi ng'ona zikapanda kuupeza. Koma mudzatola nyanga zokha. Ubweya wa sitatunga umasosoka msanga ngakhale nyama ili yabwinobwino, ndipo ikagona m'madzi usiku umodzi matumbo ali m'kati, ubweyawo umatsalira m'manja pongousisita. Mukaipeza, musaikoke pagumbwa, inyamuleni pamtengo kapena muiike m'bwato, ndipo mchere ukhale uli pafupi, osati ku kampu. Nyama ya m'madzi yotero musaigawirenso anthu a kumudzi.

A Sakala: N'chifukwa chake ine ndimauza PH kasitomala asanakwere nsanja kuti ngati kwatsala nthawi yosakwana ola limodzi kuti kude, tingoyang'ana, tidzabwere m'bandakucha. Wamphongo amakonda kutulukira malo omwewo ngati sanasokonezedwe. Makasitomala ena amakwiya, makamaka tsiku lomaliza, ndipo si PH aliyense amene amamvera wotsata mapazi pa nkhani imeneyi.

A Mbewe: M'mawa kapena madzulo, nyama yothyoka mapewa onse awiri siilowa m'gumbwa. Ine ndanena katatu, ndipo sindisintha.

Mayi Tembo: A Daka, simunatiuze kuti magazi a paphesi paja anali otani. Anali ofiira owala okhala ndi thovu, kapena akuda osakanikirana ndi zobiriwira? Ngati anali a m'mimba, nyamayo ikhoza kukhala kuti idakali moyo, ndipo kufufuza kuyenera kupitirira mawa.