Kodi ndi EPS yangadi (shuga wa unyolo wautali amene mabakiteriya amatulutsa kunja) ikudzutsa ma macrophage (ma cell a chitetezo cha m'thupi), kapena ndikudzinamiza?

Wa_ku_Cape: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi bakiteriya ya Pseudoalteromonas yomwe ndinaipeza pa ndere za m'nyanja kuno ku Cape Town. Ndaikulitsa mu Marine Broth 2216 (msuzi wogula wokulitsira mabakiteriya a m'nyanja), ndathira ethanol wozizira katatu kuchuluka kwa msuziwo, zoyera zomwe ndikuti ndi EPS zakhazikika pansi, dialysis (kusefa m'kathumba kotulutsa tizinthu tating'ono tokha) ndachita masiku atatu. Nditaika pa ma macrophage a mbewa otchedwa RAW 264.7, nitric oxide (chizindikiro choti adzuka) yakwera zedi ngakhale ndithire pang'ono chabe. Ine ndinayamba kale kuvina, koma abwana angoyang'ana graph n'kunena kuti "bwerezanso". Vuto lili pati?

Mayi_Micro: Achimwene, khalani kaye pansi. Kachilombo kanuko ndi Gram-negative, ndiye kuti LPS (endotoxin, poizoni wa pa khungu la mabakiteriya otere) ilimo basi, ndipo ethanol amaigwetsa pamodzi ndi EPS. Dialysis siichotsa chifukwa imaundana m'magulu aakulu osadutsa m'kathumba kaja. Ma RAW amadzuka ndi LPS ya ma nanogram okha. Bwerezani ndi polymyxin B (mankhwala omanga LPS), 10 µg/mL. Nitric oxide ikatsika, mwadziwa amene amaimba ng'oma.

Wa_ku_Cape: Eee asisi, mwandiswa mtima. LAL, njira yoyezera LPS, sindingangoyesa?

Mayi_Micro: Yesani, koma samalani. LAL wamba amachitanso ndi beta-glucan (mtundu wina wa shuga) kudzera mu factor G, ndiye mutha kuona endotoxin yambiri kuposa ilipo. Pezani ya recombinant factor C, yomwe sichita ndi beta-glucan, ngati ndalama ikulola.

Mkulu_wa_Fermenter: Mayi anena zoona, koma pali china chimene inenso chinandidyera miyezi inayi. Mu 2216 muli yeast extract, ndipo yisiti ali ndi shuga wake wa mannan ndi glucan. Ndinkayeza shuga ndi phenol-sulfuric pa 490 nm n'kumasangalala, osadziwa kuti gawo lina ndi la msuzi wogula. Tengani botolo lomwe simunaikemo kachilombo, mulichite zonse chimodzimodzi. Muona.

Komanso kumbukirani kuti a Ifremer (bungwe lofufuza za m'nyanja) ku France, ndi EPS yotchedwa GY785 ya bakiteriya ya Alteromonas infernus ya ku Guaymas (pansi pa nyanja kufupi ndi Mexico), anaidula kaye kukhala tizidutswa n'kuonjezera sulfate kuti igwire ngati heparin poletsa magazi kuundana. EPS yongotuluka m'botolo sichita zodabwitsa kawirikawiri.

Wa_ku_Cape: Ndabwera ndi zotsatira. Botolo lopanda kachilombo lija latulutsanso zoyera pansi pa chubu, zochepa koma zooneka ndi maso. Ndi polymyxin B, nitric oxide yagwa kwambiri, koma sinafike pa control (ma cell osathiridwa EPS).

Mayi_Micro: Kotsalako musakakondwerere msanga, polymyxin samanga LPS ya mitundu yonse mofanana. Tsukani ndi Triton X-114 (sopo wa mu labu wochotsa LPS) katatu, mudutsitse pa DEAE (chosefera chosiyanitsa zinthu malinga ndi charge), kenako muyesenso. Triton yotsalira imapha ma cell, ndiye MTT, yoonera ngati ma cell ali moyo, musaiwale.

Mkulu_wa_Fermenter: Ndipo siyani 2216. Madzi a m'nyanja opanga nokha, glucose ndi ammonium, basi. Kakapanda kukula bwino mundiuze, tione zoonjezera.

Wa_ku_Cape: Zikomo akulu. Ma flask ndaika kale mu autoclave.