DX7 yaiwala mawu ake onse ndipo woimba akubwera Loweruka

Yamikani (Ndirande), Lachiwiri 21:14
Akuluakulu, ndithandizeni ndisanachite manyazi. Pali mayi wina woimba wandipatsa ntchito ya nyimbo imodzi, akufuna imveke ngati za m'ma 1980, zija za piyano yolira ngati belu ndi ng'oma za makina. Ma plugin a pa kompyuta wakana, akuti anayesera kwina zinatuluka zosalala mopitirira. Ndiye ndabwereka kiyibodi ya Yamaha DX7 ya ku tchalitchi kwathu imene yakhala m'chipinda cha katundu zaka zambiri, komanso mlamu wanga wandisiyira makina a ng'oma a Roland TR-707. Vuto ndi DX7. Ikuyaka bwinobwino, koma maina a mawu pa screen ali ngati papalasa nkhuku. Ukadina kiyi, pena zii, pena mkokomo ngati wailesi yosakoka. Yafa kapena? Mayiwo akubwera Loweruka m'mawa.

Thoko wa ma keys, 21:17
Achimwene ikani Dexed basi, plugin yotsanzira DX7, ndi yaulere ndipo ma patch ake, mawu akewo, ndi omwewo. Kiyibodiyo muyiyike pa stand, mayiwo aziyiona. Adziwa bwanji?

Mai a Pempho (Area 25), 21:19
Thoko iwe, kasitomala sanamizidwa choncho. Tsiku limene adzati "tandiyimbirani pomwepo ndimve" udzathawira kuti?

Mmisiri wa ku Johannesburg, 21:31
Siinafe ayi, a Yamikani. Yangoiwala. Mawu 32 a mkati mwa DX7 amakhala mu RAM, ndipo RAM imeneyo imagwiridwa ndi kabatire ka CR2032 ka 3 volts. Kabatire kakatha, zimene zinali mu RAM zimasanduka zinyalala, n'chifukwa chake mukuona zilembo zosamveka. Dinani FUNCTION kenako batani la 14, ikuonetsani mphamvu ya batire. Koma ngakhale osayang'ana, kiyibodi imene yagona zaka zonsezo batire lake ndi lakutha.

Musanatsegule, onani kumbuyo kwake kuti palembedwa ma volts angati. Zambiri za m'matchalitchi zinabwera ndi amishoni, zina ndi za 120 za ku America, zina za 100 za ku Japan. Magetsi athu ndi a 230.

Yamikani, 21:36
Palembedwa 220/240, akulu. Cartridge yosungira mawu palibe, polowera pake pali fumbi lokhalokha.

Mmisiri wa ku Johannesburg, 21:44
Ndiye mwapulumuka kumeneko. Kabatireko ndi kowotcherera pa board yaikulu. Zulani pulagi ku khoma, masulani ma screw, chivundikiro chimatseguka ngati boneti ya galimoto. Musawotcherere batire wamba mwachindunji, kutentha kumaliwononga, mwinanso kuphulitsa kumene. Gulani ka holder ka CR2032, kapena chotsani pa motherboard ya kompyuta yakufa, muwotcherere ndi timawaya tiwiri. Mbali ya plus muyilembe ndi maka musanachotse lakalelo. Ngati dzanja lanu limanjenjemera pa soldering iron, pitani nayo kwa anyamata okonza ma TV ku msika, ndi ntchito ya mphindi 20. Muimirire pomwepo, asakhudze china chilichonse.

Yamikani, Lachitatu 13:02
Batire lalowa, ikuonetsa 3.0. Koma zinyalala zija zikadalipo.

Mmisiri wa ku Johannesburg, 13:20
Zikhalapo, batire silibweretsa mawu, limangosunga zimene mwaikamo. Tsopano ndi pamene Dexed ya Thoko igwire ntchito yoyenera. Pezani bank yoyamba ya mawu a ku fakitale, imene amaitcha ROM1A, muyitsegule mu Dexed; imakhala fayilo ya SysEx, uthenga wotumizira mawu ku kiyibodi pa chingwe cha MIDI. Ndi kafayilo ka ma byte 4104 basi. Pa kiyibodi dinani MEMORY PROTECT INTERNAL muyike OFF. Kenako FUNCTION ndi 8, channel ikhale 1, dinaninso 8 mpaka ilembe SYS INFO AVAIL. Mukatero tumizani bank yonse. Ikalandira imalemba MIDI RECEIVED.

Yamikani, 14:41
Ndatumiza kasanu. Screen ili phee, siikugwedezeka n'komwe.

Thoko wa ma keys, 14:43
Mwaona? Ndinanena ine.

Mai a Pempho, 14:50
Mukutumizira pa chingwe chanji? Ngati ndi zija zakuda za USB zokhala ndi kabokosi pakati, zotchipa zija, vuto ndi limenelo. Ma note zimadutsitsa, koma uthenga wautali ngati SysEx zimaudula panjira. Ine zinandidyera usiku wonse ndi kiyibodi ina ndisanazindikire. Audio interface yanu ilibe MIDI OUT kumbuyo? Gwiritsani imeneyo ndi chingwe wamba cha mapini asanu. OUT ya interface ipite ku IN ya DX7.

Yamikani, 15:26
MIDI RECEIVED!!! Mai a Pempho Mulungu akudalitseni. BRASS 1 yabwerera pa 1, E.PIANO 1 pa 11, BASS 1 pa 15. Koma ikumveka ngati yaledzera, ma note akutsetsereka kuchoka pa wina kupita pa wina, ndipo siikugwirizana ndi kompyuta.

Mmisiri wa ku Johannesburg, 15:33
Ndinaiwala kunena. Za mu FUNCTION nazonso zinali pa batire lomwelo. Yendani nazo chimodzichimodzi: 1 ndi master tune, muyichune ndi tuner pa A 440, 2 ikhale POLY, 3 pitch bend range muyike 2, 7 portamento time ikhale 0. Za mod wheel ndi aftertouch muzionenso, kawirikawiri zimakhala zili pamwamba. Mukayizimitsa n'kuyatsanso, memory protect imabwerera pa ON yokha, musadabwe.

Yamikani, Lachinayi 10:05
Zonse zachira. Koma pali china chimene sindikuchimvetsa. Ndikaimba E.PIANO 1 ndi manja pa DX7 pomwepo, ikumveka bwino, yofewa, kabelu kali pamwamba pang'ono. Ndikaipatsa MIDI imene ndinajambula kale pa controller yanga, kiyibodi ina yoimbira pa kompyuta, ikulira ngati munthu akumenya chitini ndi supuni. Patch yomweyo, chingwe chomwecho.

Amdala Phiri (Zomba), 10:48
Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, apa pokha ndilowererepo. Yamikani mwana wanga, kiyibodi ilibe mlandu, vuto ndi velocity, nambala yosonyeza mphamvu imene wamenyera kiyi, imene pa MIDI imathera pa 127.

Makiyi a DX7 yoyambirira ija ya 1983 safika pa 127. Ngakhale uwamenye ndi mkwiyo, amathera cha m'ma 100, kupitirirako pang'ono. Amene ankakonza ma patch a ku fakitale ankayesera pa makiyi omwewo, ndiye kuwala kwa mawu anakuyeza molingana ndi pamene makiyiwo amathera. Controller yako yamakono ikutumiza 115, 120, 127, malo amene patch imeneyo siinapangidwire.

Ndipo pa DX7 velocity siikweza volume yokha. Mulibe filter m'menemo ngati mu makiyibodi a Roland a Juno kapena Jupiter. Ndi FM, njira imene John Chowning anatulukira ku Stanford, Yamaha n'kugula chilolezo. Muli ma operator 6, onse otulutsa sine wave, ena amamveka, ena ntchito yawo n'kugwedeza anzawo. Wogwedezayo akakwera mphamvu, mawu amachuluka zitsulo. Mu E.PIANO 1 kabelu kaja kamachokera kwa operator amene anachunidwa pamwamba kwambiri, ndipo velocity ndi imene imamutsegulira. Ukamupatsa 127 wamumasula chingwe, n'chifukwa chake ukumva chitini.

Sankha ma note onse, uchepetse velocity mwa peresenti kuti lalikulu kwambiri lithere pa 95 kapena 100. Usawafananitse onse, kukoma kwa patch imeneyo kuli pa kusiyana kwa chala chofewa ndi cholimba. Koma ine ndikanakhala iwe ndikanaimbanso part yonseyo pa makiyi a DX7 omwewo. Ndi olemera bwino, dzanja limapeza lokha malire.

Thoko wa ma keys, 10:55
Amdala, ndiye kuti Dexed nayonso imachita zomwezo?

Amdala Phiri, 11:02
Eya, ndipo mwina n'chifukwa chake mayi uja anati plugin siinamukomere. Pali chinanso. DX7 ili ndi output imodzi, mono, ilibe chorus, ilibe reverb, youma ngati chimanga cha m'nkhokwe. Zimene anthu amakumbukira pa ma rekodi a nthawi imeneyo ndi DX7 itadutsa mu chorus ya stereo, kenako reverb. Yamikani, jambula youma kudzera mu DI box, chorus uikire m'kompyuta, rate yotsika, isafike pomveka ngati kaseti yotafunidwa. Kamphepo kamene ukumva pansi pa mawu ndi ka converter yake ya 12-bit. Usakachotse konse, slider ya volume uyikweze pamwamba kuti kasachuluke, basi.

Anthu ambiri nthawi imeneyo sankapanga n'komwe mawu awoawo pa makina amenewa. Slider imodzi yokonzera mawu, mabatani a pulasitiki ofwafwalala, ndi kascreen ka mizere iwiri, ndani akanapirira? Aliyense ankadina 11 ndi 15. Kuyambira ku Los Angeles mpaka ma studio a nyimbo za bubblegum ku South Africa, piyano inkamveka ngati ya mayi mmodzi.

Yamikani, 16:12
Ndaimbanso ndi manja. Kusiyana kwake ngati usiku ndi usana. Tsopano ng'oma. TR-707 ndaiyika izitsatira MIDI clock ya kompyuta, ikuyamba pamodzi, koma ndikajambula ikugwera m'mbuyo pang'ono, ndipo hi-hat pena ikuthamanga pena ikuchedwa. Snare nayo ndi yowonda, siikufika pa zimene mayi uja akufuna.

Mai a Pempho, 16:30
Zinthu ziwiri zosiyana zimenezo. Kugwera m'mbuyo ndi latency, yezani pa kick yoyamba kuti yachedwa ma millisecond angati, musunthe track yonse kamodzi. Kuthamanga ndi kuchedwa ndi clock ya kompyuta imene imadzandira ikalemedwa ndi ma plugin. Njira yachidule: chotsani sync. 707 iyende pa clock yake ya mkati, mujambule mphindi zonse za nyimbo, kenako tempo ya project muyichune kuti igwirizane ndi zimene mwajambulazo. Ng'oma zikhale bwana, kompyuta itsatire. Piyano mwaimba kale ndi manja, mudzaimbanso, si nkhani.

Ndipo musajambule pa stereo out. Kumbuyo kuli ma output apadera a ng'oma zosiyanasiyana. Ngati interface yanu ili ndi ma input awiri okha, zivuta kujambula kangapo popanda sync, ndiye bwerekani ya ma input 8 tsiku limodzi. Yanga ili kuno ku Lilongwe, kutali, koma ku Blantyre komweko simungasowe.

Amdala Phiri, 17:15
Mai a Pempho anena zoona. Ife pa tepi tinkachita motsutsana, tinkajambula kaye kamluzu ka sync pa track ya kumapeto, makina n'kumatsatira kamluzuko nthawi iliyonse tepi ikazungulira. 707 ili ndi tape sync yomweyo kumbuyo. Track yoyandikana nayo tinkaisiya yopanda kanthu kapena kuikapo chofewa, chifukwa kamluzuko kankadontha. Iwe ukhoza kuchita zomwezo m'kompyuta ngati ma input akuchepa: jambula kamluzu pa track imodzi, ukabweze ku 707, uzijambula ng'oma ziwiriziwiri. Kamakhala kokhazikika kuposa MIDI clock ya pa USB chifukwa ndi audio, kamayenda ndi nyimbo.

Za snare. Imene ili m'mutu mwa mayiyo mwina ndi ya makina a ng'oma a Linn. LM-1 ya Roger Linn inatuluka mu 1980, mtengo wake cha m'ma 5,000 dollars, kenako LinnDrum mu 1982. Zimenezo zinali ndi pochunira ng'oma, ndipo anthu ngati Prince ankazitsitsa dala kuti zinenepe. 707 ilibe pochunira. Ndiye jambula snare payokha, uyitsitse m'kompyuta semitone imodzi kapena ziwiri, uyiphatikize ndi clap pa 2 ndi 4.

Kenako gated reverb. Tumiza snare ku reverb yaikulu yowala, ikatuluka mu reverb ilowe mu compressor yolimba, kenako noise gate. Gate imeneyo isamvere reverb, imvere snare youma kudzera pa sidechain. Hold uyambire cha m'ma 250 milliseconds, release yaifupi kwambiri, kuti mchira udulidwe ngati ndi chikwanje. Hold uyisinthe ndi khutu mpaka izitseka kick yotsatira isanalowe. Zimenezi zinayambira ku Townhouse ku London, Hugh Padgham akujambula ng'oma za Phil Collins za chimbale cha Peter Gabriel cha 1980. Maikolofoni ya pa desiki ya SSL yomvera zolankhula za oimba inali ndi compressor yoopsa, ng'oma zitalowa m'menemo onse anadzidzimuka. Kick usayiyike m'menemo, idzadya malo a BASS 1.

Thoko wa ma keys, 17:21
Zonsezi ndingazichite ndi ma sample osadzuka pampando.

Mai a Pempho, 17:22
Uchite, utitumizire timve. Velocity uyambe watsitsa.

Yamikani, Loweruka 14:37
Akuluakulu, mayi uja wabwera, waimba, wapita. Ndinatsata njira ya Amdala ya kamluzu, ng'oma ndajambula kanayi, zonse zagwera pamodzi. Hold ya gate inathera pa 210 chifukwa nyimboyo ndi yofulumira. Atamva snare anaseka yekha, akuti imeneyo ndi imene ankamva pa wailesi kunyumba kwa bambo ake. Wadandaula chimodzi, akuti chorus ya pa piyano yachuluka pa verse, ndachepetsa. Wapempha ndisunge zida zomwezi chifukwa akufuna nyimbo zina ziwiri.

Mmisiri wa ku Johannesburg, 14:50
707 nayo ili ndi mabatire awiri a AA pansi pake osungira ma pattern. Atulutseni muwaone ngati sanadonthe, mlamu wanu asadzalire.

Yamikani, 14:58
Ndaona, anali atayamba kuyera, ndasintha. Vuto latsopano ndi lakuti a tcheya a kwaya amva kuti DX7 yadzuka, akuifuna mawa pa mapemphero a 8 koloko.

Amdala Phiri, 15:03
Apatse, ndi yawo. Uwamatire kapepala pamwamba kuti organ ili pa 17, pipe organ pa 18. Memory protect asaikhudze.