Mtovu m'masamba a repu: makina akuwerenga pafupi ndi ziro

Wophunzira wa ku Kalingalinga:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a sayansi ndipo ndikuyeza mtovu m'masamba a repu amene ndinagula ku Soweto Market mu Lusaka ndi m'madimba awiri a kunja kwa mzinda. Masambawo ndinawaumitsa mu uvuni, ndinawapera, ndipo theka la galamu ndinalisungunula mu asidi wa nitric, kenako ndinathira madzi kufikira mamililita 50. Pa makina a AAS a lawi la acetylene, amene amayeza zitsulo poona kuchuluka kwa kuwala kumene maatomu ake amameza m'lawilo, zinki ndi mkuwa zikuwerengeka bwino, koma mtovu ukuvina pakati pa 0.01 ndi manambala a pansi pa ziro, ndipo nthawi zina botolo la blank, lopanda masamba konse, likuposa masambawo. Kodi ndilembe kuti mulibe mtovu, kapena ndalakwitsa penapake?

Mayi a mu labu ya zakudya:

Mwana wanga, musalembe kuti mulibe mtovu, chifukwa makinawo sanakuuzeni zimenezo. Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Malire amene Codex, bungwe la dziko lonse loika miyezo ya zakudya, inaika pa mtovu m'ndiwo zamasamba ndi mamiligalamu 0.3 pa kilogalamu ya masamba aawisi. Popeza pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a repu ndi madzi, malirewo akakhala pa masamba ouma amafika pafupifupi mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Choncho theka la galamu la masamba okhala pa malire enieniwo lili ndi mamaikrogalamu 1.5 okha, ndipo mukawasungunula mu mamililita 50 mumapeza mamiligalamu 0.03 pa lita. Pamenepo m'pamene lawi limayamba kuona mwachimbuuzi, ngakhale nyali ya m'makina yoyezera mtovu ikhale yatsopano ndipo mwasankha bwino kuwala kwa mananomita 283.3 kapena 217.0, kumene mtovu umameza. Zinki ikuwerengeka chifukwa ndi yochuluka m'masamba ndiponso lawi limaimva msanga.

Chimene mukufunika ndi AAS ya ng'anjo ya graphite, imene imalandira kadontho ka mamaikrolita pafupifupi 20, n'kukaumitsa, kukapsereza, kenako kukatenthetsa mwadzidzidzi mkati mwa kachubu, kotero kuti maatomu onse amakhala m'njira ya kuwala nthawi imodzi m'malo mouluka ndi lawi. ICP-MS, makina ena oyezera zitsulo zochepa kwambiri, imaposa apo, koma si labu iliyonse ili nayo. Funsani kuyunivesite kapena ku ZABS, bungwe loona za miyezo mu Zambia, kuti ndani angakuyezereni, ndipo munene poyera kuti mukufuna kufika pa mamaikrogalamu ochepa pa lita.

Katswiri wopuma ntchito, Chelstone:

Mayi anena zoona, koma ine chandidetsa nkhawa ndi blank yoposa masamba, chifukwa mukapita nayo ku ng'anjo ya graphite vutolo lidzangoonekera kwambiri. Mtovu umene uli m'botolo lopanda masamba wachokera kwa inu: m'magalasi, mu asidi, m'madzi, kapena m'fumbi. Ndinagwirapo ntchito m'labu ina imene mawindo ake ankakhala otsegula m'miyezi ya mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala, ndipo tikabwera m'mawa tinkapeza kafumbi kofiira pamwamba pa mabotolo amene tinawasiya osavundikira. Sabata yonseyo manambala athu anali opanda pake. Viikani magalasi onse usiku wonse mu asidi wa nitric wosungunulidwa kufika pa 10 peresenti, muwatsukuluze ndi madzi ochotsedwa mchere wonse, osati a pampopi, ndipo mugwiritse ntchito asidi wolembedwa kuti ndi woyezera zitsulo zochepa, pakuti asidi wamba amabwera ndi mtovu wakewake. Konzani ma blank atatu kapena kuposa, osati imodzi.

Simunatiuzenso ngati masambawo munawatsuka musanawaumitse. Mtovu sukwera kwambiri kuchoka m'mizu kupita m'masamba, ndiye wochuluka umene umapezeka pa repu nthawi zambiri ndi wa fumbi lomatirira kunja. Gawani mtolo uliwonse pawiri, mbali ina muitsuke monga mmene amayi amatsukira asanaphike, ina muisiye, chifukwa kusiyana kwa ziwirizo ndiko kudzathandiza munthu wogula ndiwo. Wina akakulangizani kuti muwotche masamba akhale phulusa m'malo mwa asidi, musapitirire madigiri 450, popeza mtovu ndi cadmium zimayamba kuthawa kukatentha kwambiri.

Mchimwene wochokera ku Kabwe:

Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ambiri amachiiwala. Kwathu mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'madera monga Chowa ndi Kasanda likadali ndi mtovu wofika mazana ngakhale zikwi za mamiligalamu pa kilogalamu, ndipo pa dothi lotere lawi limakwanira, mpaka mumachita kuonjezera madzi m'botolo kuti makina asadzaze. Ngati m'labu mwanu muli mnzanu amene akuyeza dothi la ku Kabwe, musabwerekane mtondo, sefa kapena mabotolo, ndipo masamba anu ayambe kuyezedwa dothilo lisanafike pa makina. Kuti aphunzitsi akhulupirire manambala anu, thirani mtovu wodziwika kuchuluka kwake m'gawo lina la masamba musanawasungunule, muone ngati ukubwerera wonse kapena watayika m'njira.

Wophunzira wa ku Kalingalinga:

Zikomo kwambiri nonse. Masambawo sindinawatsuke, ndipo mtondo umene ndinaperera ndi womwewo umene anzanga awiri amaperera dothi. Mawa ndibwerera kumsika kukagula mitolo ina, ndipo magalasi ndawaviika kale mu asidi madzulo ano.